Chitsulo Chimene a Delifa Anabereka Kumsana

Sabata yatha tinaika maliro a amayi aakulu, a Delifa, ndipo mlaliki anauza anthu kuti malemu anali mayi wofatsa. Ine ndinaweramira pansi kuti anthu asaone mano anga. A Delifa sanafatsepo chibadwire, ndipo akanamva mawu amenewo akanatukula chivundikiro cha bokosi n'kufunsa kuti akunena yani. Anali mkulu wawo wa amayi anga, mwini chigayo cha dizilo cha m'munsi mwa phiri la Michesi. Ndikulemba izi chifukwa sindikufuna kuti tiwakwirire kawiri, koyamba ndi dothi, kachiwiri ndi bodza laulemu.

Ukamatsika kanjira ka ku chigayo unkayamba kumva injini, kenako mawu awo, ndipo kawirikawiri mawu ndiwo ankapambana. Ankavala ovolosi ya amuna awo, chitenje chomanga molimba pamwamba, ndi duku limene linagulidwa lofiira koma ife tinkalidziwa loyera ndi ufa. Ovolosiyo anayamba kuivala nthawi imene mkazi kuvala thalauzi unali mlandu. Amayi a kumpingo atabwera kudzawalangiza, iwo anawatengera pafupi ndi lamba wa chigayo n'kuponyapo kansanza. Lamba anakakwatula n'kukamenyetsa kudenga. Kenako anawafunsa ngati mpingo uli ndi mwendo wapadera woti udzawabwereke tsiku limene chitenje chidzakodwe pamenepo. Amayiwo anapemphera mwachidule n'kumapita.

Ankakangana ndi aliyense, ndipo sindinganene kuti nthawi zonse ankakhoza. Ukabwera ndi chimanga, ankatapa njere imodzi n'kuiluma; ikakhala yonyowa, ankakubweza ngakhale wachokera kutsidya kwa mtsinje mwana ali kumsana. Makaka, chinangwa chouma chija, ankafuna uswe kaye tizidutswa, osati kuwapatsa zigobo ngati ukudyetsa nkhumba. Matipate atabwera, anyamata a chipani china anafika ndi penti kuti apake chitseko cha chigayo mtundu wawo. Anawauza kuti njala ilibe khadi la chipani, ndipo ngati pentiyo ikuwayabwa akapake zitseko za amayi awo. Sabata yotsatira a chipani chinanso anamva mawu omwewo, osachotsapo ngakhale limodzi.

Koma chimene anthu ena sanawakhululukire mpaka lero n'chakuti tsiku limene amuna awo anamwalira, a Delifa anagwira sipanala asanalire maliro. Kuti nkhani imeneyi imveke, ndiyambe ndafotokoza za injiniyo.

Amuna awo, a Waisoni, anali mkamwini wochokera ku Nazombe, ndipo anagwirapo ntchito ya umakaniko m'minda ya tiyi ku Mulanje. Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kukokolola midzi, injini ya chigayo china inakwiririka mumchenga, mwini wake n'kutaya nayo mtima. A Waisoni anaipempha. Anaifukula awiri ndi akazi awo, wina khasu wina fosholo, anthu akuwaseka kuti akufukula mtembo. Inali injini yakalekale, yoti ogulitsa zipangizo ankangopukusa mutu ukaitchula.

Injini yotere ili ndi pisitoni imodzi, chitsulo chokwera ndi kutsika m'chibowo chake ngati munsi mumtondo. Kuti iyende iyenera kupuma: kukoka mpweya, kulandira dizilo, kutulutsa utsi, chilichonse pa nthawi yake. Timakomo ta mpweya ndi utsi, timene amakaniko amati mavavu, sititseguka tokha. Chimatitsegula ndi chitsulo china chobisika m'mimba mwa injini, chotalika ngati mkono kuyambira pachigongono, chokhala ndi giya kumapeto ndi zotupa zitatu zooneka ngati mazira. Chikamazungulira, chotupa chilichonse chimakankha kandodo kake: china chimatsegula khomo la mpweya, china la utsi, china chimafinya pampu ya dizilo. Chitsulo chimenechi ndiye kamu. Ukaichotsa, ungapukuse handulo mpaka dzuwa kulowa, injini singakuyankhe.

Kamu ya injini imeneyi inali itadyedwa ndi dzimbiri, zotupa zija zitaphwa. A Waisoni anapita nayo ku Boma kwa owotcherera zitsulo kuti awonjezerepo mnofu, koma inabwera ili manthumanthu, yofunika kuipala ndi tupa mpaka ibwerere m'maonekedwe ake. Apa m'pamene panali vuto, chifukwa maso a a Waisoni anali atayamba kuchita ng'ala ndipo manja ankanjenjemera. Anadula chitini cha mafuta ophikira n'kupanga choyezera, nawapatsa akazi awo tupa. Chilimwe chonse a Delifa ankakhala pakhonde masana, chitsulo atachipana ndi mawondo, akupala, kuyeza, kupalanso. Ukapala mopitirira, vavu imatseguka mochedwa injini n'kubanika. Ukasiya chotupa chachikulu, pisitoni imamenya vavu. Zala zawo zinatuluka matuza mpaka matuzawo anasanduka zikanga. Itatha, a Waisoni anadula tindodo tija kuti tigwirizane ndi kamu imeneyi yokha, ndipo pa mano a magiya anakhomapo timadontho ndi msomali, kusonyeza dzino loyenera kukumana ndi linzake.

A Delifa ankakonda kunena kuti pisitoni ili ngati amuna a pamowa, phokoso ndi kudumphadumpha, koma amene amaiuza nthawi yopuma ndi uja wachete wozungulira pang'onopang'ono m'kati, amene saoneka. Ankawonjezera kuti uchete wokhawo ndi umene iwo Mulungu anawamana.

A Waisoni anamwalira kuchipatala cha ku Boma m'mawa wina, nyengo yothyola nandolo, matipate atangoyamba kumene. A Delifa anawatseka maso, n'kuuza amayi anga kuti atsale ndi mtembo. Iwo anakwera njinga ya hayala kubwerera kumudzi. Ine ndinali pabwalo ndikupeta, ndipo ndinawaona akutsika maso ali gwa, osapereka moni, n'kulowa m'chigayo n'kudzitsekera. Ndinamva masipanala akugundana. Atatuluka manja anali bii ndi oyilo, ndipo kumsana anali atabereka kanthu, chitenje atachimanga mfundo pachifuwa monga timachitira ndi khanda. Anaima pakati pa bwalo, anapukuta manja ndi dothi, ndipo pamenepo m'pamene anayamba kulira. Kulirako kunamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo sikunali kwa chiphamaso. Ankawakonda amuna awo, ndipo aliyense wonena zina adzanene pamaso panga.

Anachita zimenezi chifukwa ankawadziwa alamu awo, a Biziwiki, mng'ono wawo wa a Waisoni. Bambo ameneyu atabwera kudzazonda matenda kuchipatala, sanafunse ngati wodwala wadya. Anafunsa ngati injini ikudya oyilo. Kwathu kuno mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ndipo munda ndi nyumba zimatsala kwa mkazi ndi ana. Koma mwamuna akamwalira abale ake amabwera kudzasudzula namfedwa, kumumasula ku ukwati, n'kutenga katundu wa m'bale wawo. Kale katunduyo anali khasu, mpeni ndi jekete. M'zaka zimenezo manja a anthu anali atatalika: njinga, wailesi, ngakhale malata a padenga. A Delifa anali ndi mwana mmodzi, Estere, yemwe anali pasukulu, ndipo chigayocho ndicho chinali munda wawo weniweni.

Chitsulocho, kamu ija, anakhala nacho kumsana maliro onse. Pa tsiku losudzula, a Biziwiki anafika ndi ngolo ndi amuna amphamvu, a Delifa atakhala pamphasa mutu wometa.

"Alamu," anatero a Biziwiki, "ife sitinabwerere ndewu ayi. Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu. Koma injiniyi ndi thukuta la achimwene."

"Thukuta la achimwene anu linathera pabedi kuchipatala, inu mukufunsa za oyilo," anayankha a Delifa.

"Zinthu zinasinthatu, alamu. Ino ndi demokalase, aliyense ali ndi ufulu wotenga chake."

"Tengani. Demokalase yanuyo ikakulizireni."

Amuna aja anamasula manati pa mabawuti amene anagwira injini pasimenti, n'kuikokera pangolo ndi mitengo. Mmodzi anaona kuti chivundikiro cha m'mbali chikugwedera, anasuzumiramo, n'kuwanong'oneza a Biziwiki. A Biziwiki anatembenuka n'kuyang'ana kumsana kwa namfedwa.

"Nanga chimene mwaberekacho n'chani? Mesa Estere anakula kale?"

A Delifa anaimirira. "Bwerani mundivule, alamu. Anthu onsewa aone mmene mumasudzulira kwanu ku Nazombe."

Panalibe amene anasuntha. Mwamuna sagwira thupi la namfedwa, ndipo kumasula chitenje cha mlamu wako pagulu ndi manyazi amene mbumba yako yonse imafa nawo. A Biziwiki anaseka kuseka kouma, nati kachitsulo kotero ku Limbe kali mbwee. Maso awo anali pa chigudumu chachikulu cha injini ndi kulemera kwake, poganiza kuti chuma chili pamene pakulemera. Ng'ombe zinakoka, ndipo m'chigayo munatsala simenti ndi mabawuti oloza kumwamba.

Zimene zinachitika ku Nazombe tinkazimva kwa anthu a kumsika. Ku Limbe kamu yotero sanaipeze. Anapeza ya injini ina yofananako, wina n'kuisema kuti ilowe, koma tindodo ta a Waisoni sitinagwirizane nayo, ndipo dizilo ankalowa nthawi isanakwane. A Biziwiki atapukusa handulo, injini inatsokomola kamodzi n'kubwerera m'mbuyo, handulo n'kuwathyola dzanja. Kuyambira pamenepo dzanjalo linali lopindika, ndipo ine sindinawamverepo chisoni.

Ndinene zoona, kwathu kuno a Delifa sanali ngwazi masiku amenewo. Amayi a m'mudzi ankasenza chimanga mtunda wautali kupita ku chigayo china, ndipo pobwerera ankatukwana iwo, osati a Biziwiki. Ankhoswe anabwera ndi mawu akuti apereke kamu, chigayo chiziyenda ku Nazombe, iwo azilandirako kangachepe. A Delifa anawaphikira nyemba za kalongonda, ndipo atadya anawauza kuti injini ikudziwa kwawo. Pakhomo panavuta. Ankayenda maganyu m'minda ya anthu amene kale ankawakalipira pamzere, ndipo Estere anakhala pakhomo chaka chathunthu osapita kusukulu. Tsiku lina amayi anga anawapsera mtima ine ndili pomwepo.

"Achemwali, perekani chitsulocho. Chitsulo amaphika? Taonani mwanayu mmene waondera."

"Ndikumuona," anatero a Delifa. "Ndikapereka, adya mwezi umodzi, koma aphunzira kuti mkazi amapala chitsulo, alamu ake n'kudzakolola. Bola aonde akudziwa kuti ichi n'chake."

Amayi anga sanawalankhule miyezi ingapo. A Delifa ankasinja chimanga chawo mumtondo m'chigayo momwemo, pambali pa simenti yopanda kanthu, ndipo tsiku lililonse la msika ankapaka girizi mabawuti aja kuti asachite dzimbiri. Anthu ankati maliro awasokoneza mutu.

Kenako kunabuka mphekesera yakuti mzimu wa a Waisoni ndi umene wamanga injini n'kuthyola dzanja la mng'ono wawo. Munthu wina akanangokhala chete, pakuti mphekeserayo inkawathandiza. Koma a Delifa anakwiya nayo kuposa mmene anakwiyira ndi ngolo. Ankaimitsa anthu panjira kuwauza kuti a Waisoni anali munthu wabwino woti sangathyole ngakhale mwendo wa nkhuku, ndipo akugona mwamtendere. Amene wamanga injini si mzimu, ndi iwo, Delifa, ndi manja awo awiri. Ntchito yawo sankafuna kuti ipite kwa mwamuna wina aliyense, wamoyo kapena wakufa.

Dzinja linadutsa kawiri injini ili pansi pa mtengo wa mango ku Nazombe, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Chimene a Biziwiki anaiwala n'chakuti nawonso kumeneko anali mkamwini, ndipo bwalo limene anaikapo injini linali la akazi awo, a Malita. M'mawa wina tinangoona ngolo ikutsika kanjira ka ku chigayo, a Malita ali kutsogolo ndi alongo awo.

"Achemwali," anatero a Malita, "chinthu chanuchi chanditopetsa. Pachitsime anzanga akundinena kuti ndikusunga katundu wa mwana wamasiye. Bambo aja anakana, ndiye ndawauza kuti asankhe, achoke ndi chitsulochi kapena chichoke chokha."

"Ikani apo," anatero a Delifa, akuloza simenti. "Mabawuti akudikira."

Manati analowa ndi zala zokha chifukwa cha girizi uja. Pisitoni inali itagwirana ndi dzimbiri, ndipo a Delifa anaithira parafini masiku angapo, akuigogoda ndi chipika mpaka inavomera. Kenako anatulutsa kamu mumtsuko umene ankaisungamo, yokulunga m'nsanza ya oyilo, anailowetsa, n'kuzunguza magiya mpaka timadontho ta msomali tija tinakumana. Anapukusa okha handulo. Injini inalavula utsi wakuda, inazengereza, kenako inagwira kayendedwe kake kakale. Ife tinaimba nthungululu, amayi anga akulira. A Delifa sanamwetulire n'komwe. Anatiuza kuti tikhale pamzere, ndipo chimanga choyamba kugaya chinali cha a Malita.

Anachiyendetsa chigayocho zaka zonse zotsatira. Magetsi atafika pamsika, wina anatsegula chigayo chamagetsi ndipo ambiri anathawirako. Koma magetsi akazima ankabwerera mitu ili pansi, ndipo a Delifa ankawaika kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa amene sanawathawe. Estere atamaliza sukulu anamuphunzitsa kumasula ndi kumanga injini yonse, akumumenya pamanja akalakwitsa dzino la giya. Ankamuuza kuti mwamuna angathe kumusiya, boma lingasinthe, koma timadontho tikakumana injini ilira basi. Chikondi chawo chinali chotero, ndipo ena a ife tinachedwa kuchizindikira.

A Delifa anagwa masana ena pafupi ndi mgolo wa madzi oziziritsa injini, ndipo patapita masiku ochepa anamwalira. Estere, amene tsopano ali ndi ana ake, anawatseka maso, n'kundigwira dzanja kupita nane ku chigayo. Anatseka chitseko, anagwira sipanala, misozi ikugwera pachitsulo koma osatulutsa mawu. Atasolola kamu anati iye anthu amuyang'anitsitsa, ndiye ndibereke ine. Ndinawerama, iye n'kundimanga. Imalemera kuposa mmene imaonekera, ndipo mano a giya amaluma pamsana. Pamenepo m'pamene ndinadziwa zimene mayi uja anapirira maliro onse a amuna awo, ndipo ndinalira tisanatuluke.

Estere sanalakwitse. Tsiku loika maliro a Biziwiki anabwera, atakalamba, ndodo m'dzanja labwino lija, pa lole ya mdzukulu wawo wogula nandolo. Anati lole yabwera kudzathandiza kunyamula anthu, koma kumbuyo kwake kunali zingwe ndi mitengo. Ankanong'oneza amuna kuti mkazi wa achimwene wapita, ndiye katundu wa achimwene abwerere kwawo, ndipo ulendo uno atenga chonse. Mdzukulu uja analowa m'chigayo ngati akufuna mthunzi, natuluka akupukusa mutu. A Biziwiki anayenda pang'onopang'ono kupita kumene amayi tinakhala.

Ine sindinauze munthu, koma pamudzi nkhani imayenda yokha. M'mawa umenewo mayi aliyense anabwera atabereka kanthu kumsana. Wina chikuni, wina mtolo wa makaka, wina munsi wothyoka, ndipo awiri okha ndiwo anali ndi ana enieni. Munali amayi omwe aja amene ankatukwana a Delifa pobwera ku chigayo chakutali, ena tsopano a imvi, onse atamanga mfundo pachifuwa. Amayi anga, amene msana unawavuta kalekale, anabereka njerwa. A Biziwiki anayang'ana mzere wonse, maso awo n'kudzaima pa a Malita, akazi awo, amene anakhala pakati pathu nawonso atabereka.

"Nanunso?" anafunsa.

"Khalani pansi, bambo," anatero a Malita. "Kuno n'kumaliro."

Lole inabwerera ndi anthu okhaokha.

Dzulo ndinapita ku chigayo. Chitseko n'chotseka mpaka titameta, koma ndinalowa. Ufa wakhazikika paliponse, padenga, pa lamba, pa masipanala opachikidwa pamisomali. Injini ili pamabawuti ake, chivundikiro cha m'mbali chili pansi, ndipo m'mimba mwake muli bowo lakuda. Pafupi ndi mgolo wa madzi pali chitsa chimene ankakhalapo, ndipo pakhoma pamwamba pake pali malo amodzi opanda ufa, pamene msana wawo unkatsamira zaka zonsezi mpaka njerwa zinasalala. Ovolosi ili pamsomali, mawondo ake akadali opindika. Palibe amene wakhala pachitsapo, ndipo ndinaima nthawi yaitali ndikudikira kuti wina andikalipire chifukwa cholowa ndi nsapato zamatope.

Estere akuti adzabwezeretsa kamu tikameta, ndipo adzapukusa yekha handulo. Pakadali pano ili ndi ine. Amene akuifuna abwere adzandivule.